Za usungichuma wa bungwe lathu la maliro: pamene tafika

Mwezi watha ndinafunsa kuti msungichuma kwenikweni amagwira ntchito yanji, anzanga atandisankha m'bungwe lathu la maliro kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Zikomo abale ndi alongo amene munandiyankha, makamaka agogo aja a ku Highfield.

Tagwirizana kuti ndalama zisamagonenso kunyumba kwanga. Tatsegula akaunti kubanki, ndipo pokatapa tizisaina anthu awiri, ine ndi apampando kapena alembi. Wosonkha aliyense azilandira lisiti, ngakhale atumize pafoni kudzera pa EcoCash.

Chimene chinatikhalitsa pansi mpaka madzulo ndi ndalama za mitundu iwirizi. Chiyambire ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, mu Epulo 2024, ena amasonkha ZiG, ena madola a ku America. Ine ndinakanitsitsa kuzilemba m'buku limodzi, chifukwa mtengo ukasintha, wooneka wakuba ndi ineyo. Tsono mabuku alipo awiri. Madolawo tikusungira kunyamula maliro kupita kumudzi ku Malawi, ulendo wodzera pa Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, womwe umadya ndalama zosasimbika.

Lipoti ndiziliwerenga pamsonkhano uliwonse, mabuku ali poyera. Nkhani yobwereketsa ndalama kwa mamembala tikambirana Lamlungu likudzali, koma ine sindikuifuna n'pang'ono pomwe.