Nsomba zafa mdamu langa, ndikukayikira mankhwala a tomato, ndipange bwanji?

Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni nzeru chonde. Ndili ku Zomba kuno mbali ya Likangala, ndili ndi kadamu ka makumba ndi chilunguni, madzi ake ndimapatutsa mu kamtsinje komwe kamadutsa kaye mmadimba a anthu kumtunda. Sabata yathayi itagwa mvula yoyamba ija, kutacha ndinapeza nsomba zikungozungulira ngati zaledzera, zina kudumpha kenako kugona chagada, pofika masana zambiri zinali zitayandama. Mu ngalande namonso munali nkhanu ndi mbululu zakufa nde sikuti vuto lili mdamu mwanga mokha ayi.

Kumtundako anzathu a tomato amapopera cypermethrin pafupipafupi, ena amachita kusakaniza ndi dimethoate mu sipuleya imodzi poti kambozi kaja ka Tuta sikakumva mankhwala, akamaliza amatsukira sipuleya mumtsinje momwemo mabotolo nkuponya mu bango. Sindikuwada, nawonso akusaka ya fizi, komanso mmodzi mwa iwo ndi alamu anga enieni nde nkhaniyi kuyiyamba kwake ikundivuta. Koma madzi omwewa amayi amachapira, ana amasambamo, ndipo akatsika amakathera ku Chilwa komwe timadalira matemba tonsefe. Zikundiwawa kwambiri.

Nsomba zotsalazo tingadye kapena kugulitsa? Damu ndiliphwetse kapena ndingosintha madzi? Nanga ndikadandaule kuti popanda kudana ndi abale?

Ndemanga

Achimwene pepani. Choyamba zakufazo musadye, musapatsenso agalu kapena nkhuku, kumbani dzenje kutali ndi madzi mukwirire. Cypermethrin kwa nsomba ndi woopsa zedi, kadontho kochepa kokha kamene munthu sangakaone mmadzi kamapha, nchifukwa chake pa lebulo amalemba kuti musapopere pafupi ndi mtsinje koma ndani amawerenga. Amakakamiranso ku matope, nde mvula ikakokolola dothi la mdimba limabwera naye mdamu. Kusintha madzi kokha sikokwanira, phwetsani mupale matope apansiwo liume kaye padzuwa.

Bambo onetsetsani kaye ngati zilibe zilonda pathupi. Mu 2020 ku Mchinji nsomba zinafa ndi matenda a EUS, zinkakhala ndi zilonda zofiira. Komanso mpweya ukachepa mdamu zimabwera pamwamba mbandakucha nkumayasamula kukamwa.

Zilonda zilibe mayi, ndaziyang'ana bwinobwino, zosalala. Ndipo sizimayasamula pamwamba, zimachita kunjenjemera.

Ngati zimanjenjemera ndipo nkhanu zafa nawo ameneyo ndi poizoni basi. Zotsalazo musagulitse pano, nanunso dikirani a Fisheries azione kaye. Muli pafupi ndi Domasi pomwe pali National Aquaculture Centre, pitani ndi zithunzi komanso madzi mu botolo loyera.

Ine ndimalima tomato ku Ntcheu, ndiyankhuleko mbali yathu. Ambirife mankhwala timagula pa msika othiridwa mu timabotolo topanda lebulo, muyezo wake timangomva kwa ogulitsa, nde timathira modutsa. Alamu anuwo musawayambe ndi mawu oti mwandiphera nsomba, mukangana ulele. Uzani alangizi a ku ofesi ya zaulimi (EPA) kwanuko ndi amfumu aitanitse onse a mmadimba, awaonetse kutsuka botolo katatu madziwo nkuthira mu sipuleya nkukapopera mmunda, botolo kuliboola, komanso kusapopera kumwamba kukaoneka kuti kugwa mvula. Ogulitsa mankhwala osadziwikawo ndi nkhani ya Pesticides Control Board ku Bvumbwe, ndi omwe amapereka ziphaso.

Zikomo nonse. Ngalande ndatseka kale, mawa ndilawirira kwa alangizi kenako ku Domasi. Amene munaphwetsapo damu chifukwa cha mankhwala mundiuzeko munadikira nthawi yaitali bwanji musanaikemo mbewu ina.