Thandizeni pa nkhani ya "had", lipoti langa alibwezanso

Membala wobisa dzina: Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni chonde, musandiseke. Ndimagwira ntchito ya ulonda cha ku Randburg. Sabata yatha kunachitika zinazake usiku, supavaiza n'kunena kuti ndilembe lipoti m'Chingerezi. Alibwezanso, akuti past perfect, ija yogwiritsa ntchito "had" pofotokoza zakale, sindiidziwa. Munthu yemweyu amandidula malipiro ndikangochedwa pang'ono, ngati mzere wa takisi pa Bree sauona. Kunyumba lendi yakwera, alamu anga ku Mangochi akungoimbaimba za feteleza ngati ndalama kuno timangotola pansi. Folomu 4 ndinalemba koma mutu sukugwira. Kodi "had" ameneyu amalowa pati?

Mphunzitsi Wopuma: Folomu 4 yake iti? M'nthawi ya Kamuzu mwana wa Sitandade 8 ankalemba kalata yoti iwe wamkulu n'kuvula chipewa. Zinthu zinasokonekera mu 1994 ndi pulayimale yaulere ija, ana kudzaza mpaka pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi. Zotsatira zake ndi zimenezi!

Make Awiri, Rosettenville: Achimwene musade nkhawa, ngakhale m'Chichewa ilimo. Timati "pamene ndinkafika, akuba anali atathawa kale." Pamene pali "anali ata" m'pamene pamalowa had: "When I arrived, the thieves had already run away." Zinthu ziwiri zakale, chimene chinayamba kuchitika n'chimene chimatenga had.

Tchona wa ku Mayfair: Akubawo anali atathawa, kapena inuyo munali mutagona? Lembani "I had slept" basi, nkhani yatha 😂

Mphunzitsi Wopuma: Ngakhale nthabwala yanuyo mwaiphonya. Pamenepo timati "I had fallen asleep." Ndipo had amatsatiridwa ndi mneni wa pa mndandanda wachitatu: go, went, gone, write, wrote, written. Pa Park Station ndimamva anthu akuluakulu akuti "I had went," khutu kuchita kuwawa.

Tchona wa ku Mayfair: Madala, Chingerezi chakuthwa chonchi ku Joni mukufunako chiyani? Pitani mukaphunzitse ku Kamuzu Academy. Kuno mu takisi chimagwira ntchito n'Chizulu.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana iwe, ndine msinkhu wa bambo ako. Ulemu unatsala pa Beitbridge eti?

Mnyamata wa ku Ntcheu: Ine zinandionekerapo. Kumene ndinkagwira kale kunasowa jenereta, anandilembera okha pepala, ine n'kusaina osawerenga. Malipiro a mwezi umenewo sindinawaone, mkazi wanga anachita kukongola ya lendi kwa anzake a kutchalitchi. Mpaka lero ndikaona jenereta mtima umandipweteka. Osasaina chilichonse, achimwene.

Anabanda: Tatiuzeni kaye chiganizo chimene anachikana. Chinachitika n'chiyani, ndipo inali nthawi yanji? Mu lipoti la mlonda had si wokometsera chabe. "The lock had been broken before my shift started" ndiye kuti munapeza loko atathyola kale, mlandu si wanu. Mukasokoneza pamenepo mudzikola nokha. Komanso musamwaze had paliponse. Mukamafotokoza zinthu motsatana mmene zinachitikira, "I heard a noise, I went to the gate, I called the office" n'zokwanira.

Mphunzitsi Wopuma: Zimenezo ndi zomwe ndakhala ndikunena ine! Koma funsani mnyamata wa ku Mayfair uja kusiyana kwa "I'd gone" ndi "I'd go", muone akathawira kuti. Woyambayo ndi had, wachiwiriyo ndi would.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma ine ndikuona ngati supavaizayu akungondida, akufuna alowetse m'bale wake pa malo angawa. Lipoti akulifuna mawa m'mawa. Ndiye ndiike had angati?

Anabanda: Chiganizocho, achimwene. Tumizani chiganizocho.

Za Katundu Joni–Malawi: Galimoto inyamuka Loweruka kupita ku Blantyre, Balaka ndi Mangochi. Mafiriji, njinga ndi zikwama tikulandira, ndipezeni ku inbox.