Waya wa ampulifaya: wa kopa weniweni kapena wa CCA wotchipa uja?

Wofunsa: Akuluakulu, ampu ya m'galimoto yanga ndi ya 500W RMS (mphamvu imene imatulutsa mosalekeza), ya mtundu wa class D, ya sabuwufa imodzi. Batire ili kuboneti, ampu ikhala kubuti, mtunda ngati mamita 5. Ndigule seti ya mawaya a OFC (kopa weniweni) yodulayo, kapena CCA ikwanira?

Wokonza magetsi a galimoto: Gulani OFC achimwene. CCA ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba. Amadutsitsa magetsi osafika magawo awiri mwa atatu a amene kopa amadutsitsa. Ampu yanuyo ikamagunda mwamphamvu imakoka magetsi opitirira ma ampeya 40 (40A). Waya akachepa mphamvu amatentha, mavoti amatsika, ampu n'kumazima yokha pa besi.

Woika zoimbira: Apa ndisiyana nanu pang'ono bambo. CCA wa 4 gauge (gauge ndi muyeso wa kunenepa kwa waya, nambala ikachepa waya ndi wonenepa) amagwira ntchito ngati kopa wa 6 gauge, ndipo pa 500W ameneyo akwana. Amene ndikukana ndi CCA wa 8 gauge. Komanso samalani ndi seti zolembedwa 4 gauge pomwe kunenepa konse ndi pulasitiki. Senderani kumapeto muone: 4 gauge weniweni ndi 21 mm².

Wokonza magetsi a galimoto: Pa kukula mwanena zoona. Vuto lili polumikiza. Kuboneti kumatentha, kumalowa chinyezi. Aluminiyamu amachita ufa woyera, amafwamphuka pansi pa sikuluwu, pothina paja n'kukhwepa. Pamenepo ndi pamene pamayamba kusungunuka chosungira fyuzi. Kopa mukamanga mwamanga.

Wofunsa: Nanga ndimudziwa bwanji wogulitsa akaumirira kuti ndi kopa?

Woika zoimbira: Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni. Mkati mukayera ngati siliva, ndi CCA. M'manja amapepukanso kwambiri.

Mayi wa zokuzira mawu: Zilizonse mungagule, fyuzi ya 60A ikhale pafupi ndi batire, isapitirire masentimita 45. Ntchito yake ndi kuteteza waya, kuti akakhudza bodi galimoto isapse. Poboola chitsulo cholowera m'kati ikanipo labala. Waya wa ethi akhale wofanana kukula ndi wa pozitivu, wamfupi, womangidwa ndi bawuti pachitsulo chopalidwa penti mpaka kuwala. Ma RCA, mawaya otengera mawu kuchoka ku wailesi kupita ku ampu, adutse mbali ina kutali ndi waya wa pozitivu, apo ayi muzimva kulira kokwera ndi injini.

Wokonza magetsi a galimoto: Ngati ndalama zavuta, gulani mamita 6 a OFC wa pozitivu ndi ethi basi. Wochoka pa ampu kupita ku sabuwufa ndi wosakwana mita, CCA wa 12 gauge pamenepo alibe vuto. Chotsani kaye negetivu pa batire musanayambe.