Live rock yanunkha m'thanki ya madzi a mchere, amoniya sakutsika

Wa ku Nkopola:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa mutu wanga waima. Abwana a malo ogona alendo kumene ndimasamalira matanki a mbuna aganiza zoika thanki ya reef (ya madzi a mchere, yosungiramo nsomba ndi makorali, tizamoyo tomanga matanthwe pansi pa nyanja) polandirira alendo, ndipo akufuna kuti pofika pa 15 October, tsiku la anakubala, mukhale mukusambira nsomba. Thankiyo ndi ya malita 400, pansi pake pali sump (thanki yaing'ono yosefera madzi) ya malita 100, skimmer (chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu), pampu yobweza madzi ndi ma wavemaker (timapampu topanga mafunde) awiri. Live rock (miyala ya m'nyanja ya mchere yokhala ndi tizamoyo) yolemera makilogalamu 40 inabwera pa galimoto kuchokera ku Dar es Salaam itakulungidwa m'nyuzipepala zonyowa, ndipo inalowa m'thanki tsiku lomwe inafika. Tsopano madzi achita mbuu, akununkha ngati mazira owola, amoniya (poizoni wochokera ku zowola) wapyola 4 ppm pa muyeso, nitrite palibe, skimmer ikungosefukira, ndipo masana madzi akufika madigiri 30. Hydrometer yoyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi nayo ikundisokoneza, chifukwa m'mawa ikunena 1.021, madzulo 1.027. Kodi ndiwonjezere canister filter (fyuluta yotseka yokhala kunja kwa thanki), kapena sump ndiyo yachepa?

Mkulu wa ku Monkey Bay:
Achimwene, ndisanayankhe za fyuluta, ndiloleni ndifunse: mukuvutikiranji ndi madzi a mchere muli pagombe pa nyanja imene dziko lonse limaisirira chifukwa cha nsomba zake? Lake Malawi National Park inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha mbuna zomwezi, ndipo anthu a ku Germany amalipira ndalama zambiri kuti akhale ndi nsomba za kuno monga Aulonocara kapena Labidochromis caeruleus m'nyumba zawo. Khuthulani madziwo, mutsuke thanki, muike miyala ya kuno ndi mbuna.

Mayi a ku Namiasi:
Achimwene, vuto lanu si fyuluta, ndipo canister musaiwonjezere, chifukwa idzangosunga zowola mkati mwake n'kumakubwezerani nitrate. Miyala ikayenda ulendo wautali chonchi kunja kwa madzi, masiponji, ndere ndi tizilombo tokhala m'mabowo ake timafa, ndiye chimene mukumvacho ndi fungo la zakufazo. Amoniya ali pamwamba ndipo nitrite palibe chifukwa mabakiteriya osandutsa amoniya kukhala nitrite sanachulukane. Akachulukana mudzaona amoniya akutsika, nitrite ikukwera, kenako nayonso idzatsika pamene nitrate ikuonekera. Kawirikawiri zimenezi zimatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo palibe chipangizo chimene chingakudumphitseni nthawi imeneyi.

Tulutsani miyalayo muiike m'mgolo wapulasitiki woyera wokhala ndi madzi a mchere omwewo ndi pampu yoyendetsa madzi mwamphamvu, pamalo opanda dzuwa. Mwala uliwonse muununkhize, ndipo pamene pali zakuda kapena zoyera zoterera mupale ndi bulashi yatsopano m'chidebe china cha madzi a mchere. Musayerekeze kuitsuka ndi madzi a pampopi kapena a m'nyanja yathuyi, chifukwa mupha ndi zochepa zimene zatsala zamoyo. Amoniya akamapyola 2 ppm sinthani theka la madzi a mumgolomo. Za skimmer musade nkhawa, yatsopano imasefukira m'masiku oyamba, makamaka m'madzi odzadza zowola. Tsitsani mlingo wa madzi mkati mwake ndipo muzikhuthula kapu yake tsiku lililonse.

Bambo a ku Makawa:
Zimene anena mayiwa ndi zoona, koma ine mantha anga ali pa magetsi. Ndinagwirako ntchito pa hotela ina ku Nacala kumene kunali thanki ya mtundu umenewu, yokhwima bwino, makorali atakula mpaka kuyandikira galasi. Usiku wina magetsi anazima, mlonda sanadzutse aliyense kuti ayatse jenereta poganiza kuti alendo agona kale, ndipo kutacha tinatola nsomba zonse ndi kaukonde. Madzi a mchere amasunga mpweya wochepa kuposa madzi a m'nyanja yathu, ndipo akatentha amasunga wochepa kwambiri, pamene mabakiteriya a m'miyala nawonso akupuma mpweya womwewo. Choncho musanagule nsomba ngakhale imodzi, wavemaker imodzi ikhale pa batire ndi inveta yoyaka yokha. Jenereta yodikira kuti munthu adzuke musaidalire.

Mkulu wa ku Monkey Bay:
Mwamva nokha. Mbuna zimapirira kuzima kwa magetsi kwa maola angapo ngati thanki sinadzaze mopyola muyeso, ndipo zikafa zina mumazipeza pompano. Ndabwerezanso, khuthulani.

Wa ku Nkopola:
Akulu, za mbuna ndawauza kale abwana ndipo akana, akuti alendo aziona mbuna m'nyanja, iwo akufuna nsomba zofiira za mizere yoyera zimene anaziona ku Zanzibar. Mayi, zikomo, mgolo ndaupeza. Madzi ndinatunga pa mjigo wa pamalopo ndipo mchere ndi wa reef weniweni wa m'chidebe, koma watsala wochepa. Kodi posintha madzi a mumgolo ndingasakanizeko mchere wamiyala wa pamsika kuti ndifike nawo patali?

Mayi a ku Namiasi:
Ayi, achimwene, musatero. Mchere wa pamsika ndi sodium chloride pafupifupi yekhayekha, pamene madzi a m'nyanja ya mchere ali ndi magnesium, calcium, sulphate ndi carbonate, ndipo popanda zimenezi pH (muyeso wa asidi m'madzi) idzagwa ndipo ndere yofiirira ya coralline yomera pa miyalayo, imene mwailipira ndalama zambiri, idzayera. Werengani bwino: lita iliyonse imafuna magalamu pafupifupi 35, ndiye kusintha malita 100 kukudyerani makilogalamu atatu ndi theka kapena kuposerapo. Abwana adziwe lero kuti ndalama ya mchere idzakhala ya mwezi ndi mwezi.

Madzi a mjigo nawonso akundidetsa nkhawa kuposa amoniyayo, chifukwa amoniya adzatha yekha koma silicate, phosphate kapena chitsulo chimene chingakhale m'madzimo chidzatsalira n'kumadyetsa ndere chaka chonse. Pezani makina osefera madzi a RO/DI ndi kachipangizo koyezera TDS, ndiko kuti zinthu zosungunuka m'madzi, ndipo madzi otuluka azisonyeza 0 kapena pafupi pamenepo. Madzi akaphwera ndi kutentha muzithiramo a RO opanda mchere, popeza mchere suuluka. Hydrometer ya muvi ija imanama tithovu tikamatirira pa muviwo, n'chifukwa chake ikukupatsani manambala awiri patsiku. Gulani refractometer, chipangizo china choyezera mchere, ndipo muime pa 1.025.

Wa ku Chiponde:
Palibe amene wafunsa za mapepala. Makorali olimba ali pa Appendix II ya CITES, mndandanda wa zamoyo zofunika chilolezo pozitulutsa m'dziko pansi pa pangano la maiko loona za malonda a zachilengedwe, ndipo live rock imawerengedwa m'gulu lomwelo m'maiko ambiri. Kodi miyalayi inalowa ndi chilolezo cha dziko limene inachokera komanso cha nthambi yoona za usodzi kuno? Ndikufunsa chifukwa nsomba ndi makorali zidzafunika kudutsa njira yomweyo, ndipo katundu wamoyo akamugwira pachipata kwa tsiku limodzi lokha kutentha kuno, mumalandira mitembo. Funsani ku ofesi musanaitanitse china chilichonse.

Bambo a ku Makawa:
Ndionjezerepo za kutentha, popeza mwezi wa October sunafike pachimake. Makorali amafuna madigiri 24 mpaka 26, ndipo akakhala pa 30 kwa masiku angapo amataya ndere za m'thupi mwawo zimene zimawadyetsa, n'kuyera. Fani youzira pamwamba pa sump imatsitsako digiri imodzi kapena ziwiri, koma imaphweretsa madzi ambiri, ndiye mchere umakwera. Ku Mangochi kuno popanda chiller (makina oziziritsa madzi) kapena chipinda chozizira, iwalani za makorali olimba a mtundu wa Acropora. Mwina makorali ofewa okha. Chinanso, ife a mbuna tinazolowera mankhwala okhala ndi kopa pochiza matenda a timadontho toyera pa nsomba. Ukonde, chidebe kapena paipi imene inakhudzako mankhwala amenewo isayandikire thankiyi, chifukwa kopa amapha nkhono, nkhanu ndi makorali, ndiponso amalowerera m'miyala osatulukamo msanga.

Mkulu wa ku Monkey Bay:
Chiller, RO, inveta, refractometer, mchere wa mwezi ndi mwezi, zilolezo. Onkhetsani ndalama zimenezi mukawaonetse abwana anuwo, kenako muwaonetsenso mtengo wa thanki ya mbuna ya malita 1,000. Ine ndakhala m'ntchitoyi kuyambira tili kugwira nsomba ndi chilimila chaching'ono ku Thumbi, ndipo sindinaonepo mlendo akudandaula kuti mbuna sizokongola.

Mayi a ku Namiasi:
Bambo, mfundo yanu tamva, koma munthuyu wafunsa za ntchito imene wapatsidwa kale. Achimwene, kunena mosabisa, tsiku la 15 silitheka. Nsomba zilowe pokhapokha amoniya ndi nitrite zitakhala pa 0 kwa sabata yathunthu, ndipo muyambe ndi ziwiri zokha zitakhalako kaye m'thanki yapadera yoziyang'anira. Ndere yabulauni ikadzakuta mchenga musadzadabwe, ndi diatom ndipo imatha yokha ngati madzi ali a RO. Muzivalanso magolovesi pogwira miyalayo, chifukwa mumakhala nyongolotsi zaminga zoyabwa kwambiri.

Bambo a ku Makawa:
Nyongolotsizo n'zazing'ono, mayi. Ku Nacala kuja tinkamva kulira kwa "the, the" usiku m'thanki, nkhono zikupezeka zitasweka, ndipo tinatha miyezi tisakudziwa kuti mwala wina unabwera ndi mantis shrimp, kanyama konga nkhanu kamene kamaswa nkhono. Tinaipeza titatulutsa miyala umodziumodzi n'kumathira madzi a soda m'mabowo. Achimwene a ku Nkopola, popeza miyala ili mumgolo kale, mukamvetsere usiku muno ngati mumgolomo simukulira kanthu.

Wa ku Chiponde:
Za mapepala zija achimwene a ku Nkopola sanayankhe. Kodi alipo amene akudziwa ngati chilolezo cha nsomba za m'nyanja ya mchere chimatengedwa pa ofesi ya boma pompano kapena mpaka ku Lilongwe?