Ndimayamba ndi moto, sabata ziwiri zikatha ndasiya. Ndithandizeni abale

Membala wobisa dzina:
Abale anga, ndapempha adimini andibisire dzina chifukwa muno muli anthu ondidziwa. Ndili ndi zaka 34. Chaka chino chitangoyamba ndinalemba zinthu zitatu papepala n'kulimata kuseri kwa chitseko: kulimbitsa thupi, kuphunzira gitala, ndi kulemba ndakatulo imodzi tsiku lililonse. Sabata yoyamba ndinkathamanga mphindi 40, mapushapu 50, gitala ola lathunthu. Pofika tsiku lachinayi ntchafu zinauma moti masitepe ndinkatsika cham'mbali, ndipo nsonga za zala zakumanzere zinadindika mizere ya nsambo, ngakhale kumanga batani la malaya kunkandipweteka. Ndinapirira mpaka tsiku la 12. Tsiku la 13 ndinangogona, ndipo kuchokera pamenepo sindinabwererenso. Aka n'kachitatu kuchita zomwezi.

Chikundiwawa kwambiri ndi kunyumba. Gitalayo ndinasungira ndalama miyezi isanu, koma mlamu wanga amene tikukhala naye amangoitenga osapempha. Akabweza, nsambo zonse zasokonekera, ina anaidula ndipo mpaka lero sanapepese. Nditawadandaulira akazi anga anangoti, "Nanga inuyo mumaiimba?" Mawu amenewo anandilasa. Ndinaiika m'chikwama chake n'kuiponya pamwamba pa wadirobu, ndipo ili pompo. Komanso mnzanga amene tinayambira limodzi kuthamanga pano amanditumizira zithunzi za makilomita 10 Loweruka lililonse, osandifunsa n'komwe kuti ndili bwanji.

Kodi ndine waulesi? Kapena ndachedwa kale? Ndiyambe bwanji kuti ulendo uno ndisasiyenso?

Mkango wa 4 Koloko:
Achimwene, ndikuuzani mosapsatira mawu. Mdani wanu ndi bulangete. Ine ndimadzuka 4 koloko m'mawa, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi, kugwe mvula, kuzizire. Alamu ndimaika kutali ndi bedi kuti ndichite kuimirira kukaithimitsa. Ikamakwana 6 koloko ndathamanga, ndasamba, ndawerenga. Wodikira kuti mtima ufune kaye adzadikira mpaka imvi. Chitani masiku 21 osadumphitsa, chizolowezi chakhazikika. Mukadumphitsa tsiku limodzi, yambiraninso kuwerenga pa 1.

Make Mapasa:
Ine nkhani ya mlamuyo ndi imene yandiwiritsa magazi. Kwathu kunabwera mng'ono wawo wa bambo a kunyumba kuno, akuti sabata ziwiri zokha, anakhala miyezi isanu ndi itatu. Anandithyolera makina osokera amene ndinkaphunzirirapo, ndipo nditalankhula woipa ndinakhala ine. Mpaka pano sindinasokenso. Achimwene, khomani loko pa chikwama cha gitalacho, enawa samva za pakamwa.

Namwino Wanu:
Funso langa ndi limodzi: mumagwira ntchito yanji, ndipo mumaweruka nthawi yanji? Simunanene.

Malume a Gulu:
Gitala ili pamwamba pa wadirobu? Ndiye kukwera pampando kukaitsitsa muziwerengera ngati masewera a tsikulo, kubwezanso kumwamba ngati a madzulo 😂

Mphunzitsi Wopuma:
A Mkango, za masiku 21 zo si zoona, ndipo zafooketsa anthu ambiri. Zinachokera kwa Maxwell Maltz, dokotala wa maopaleshoni okonza maonekedwe, amene mu 1960 analemba kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere nkhope yawo yatsopano. Iye ankanena za nkhope, ndiponso anati "osachepera". Amene anayezadi nkhaniyi ndi Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, mu kafukufuku wotuluka mu 2009. Anatsatira anthu 96 kwa sabata 12, aliyense atasankha chinthu chimodzi chochita tsiku ndi tsiku. Kuti chinthucho chifike pochitika chokha popanda kudzikakamiza, zinkatenga masiku oyambira pa 18 mpaka 254, pakatikati pake 66. Zosavuta monga kumwa madzi zinkalowa msanga kuposa zolimbitsa thupi. Ndipo chofunika kwambiri kwa mwana wanga wafunsayu ndi ichi: anapeza kuti kudumphitsa tsiku limodzi sikunkagwetsa chizolowezi. Tsiku la 13 lija silinawononge kanthu, mwanawe. Chinawononga ndi maganizo akuti zonse zapita, ndiye tsiku la 14 simunadzuke.

Mkango wa 4 Koloko:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mapepala sathamanga. Mukamuuza munthu kuti kudumphitsa kulibe vuto, mawa adumphitsa, mkuja adumphitsanso. Ine ndaona anyamata asanu ndi awiri akuyamba nane, otsala ndi awiri, ndipo awiriwo ndi amene sanamvere chifundo matupi awo. Gitala nayonso pamafunika maola 10,000. Pa mphindi zochepa zimene mukufuna kumunyengerera nazozo adzafika liti?

Mphunzitsi Wopuma:
Maola 10,000 wo anachokera pa kafukufuku wa Anders Ericsson wa mu 1993, wa ophunzira vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin. Anali achinyamata oyamba ali ana, ofuna kudzakhala akatswiri odyera pomwepo, ndipo nambalayo inali avereji ya maola amene opambanawo anali ataunjika pofika zaka 20. Ericsson mwiniwake ankakana kuti nambalayi ndi lamulo. Iye ankatsindika kaphunziridwe: kulimbana ndi pamene pakukuvuta, osati kubwereza zomwe ukudziwa kale. Wofunsayu akufuna kuimba nyimbo pakhomo pake.

Mkango wa 4 Koloko:
Ndiye adzuke nthawi yanji? Yankhani pamenepo.

Nsambo Zisanu n'Imodzi:
Mkangano wa akuluakulu ndausiya, ine ndinena za gitala chifukwa ndaphunzitsapo oyamba kumene angapo. Choyamba, itsitseni pa wadirobupo, muichotse m'chikwama, muitsamiritse pafupi ndi mpando umene mumakhalapo. Gitala yofuna kukwera pampando ndi kutsegula zipi siimbidwa. Ola lathunthu kwa munthu woyamba ndi lalitali kwambiri, makamaka ngati nsambo zake ndi zachitsulo. Khungu la kunsonga kwa zala limafuna sabata zingapo kuti likhuthale, ndipo limakhuthala bwino ndi mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse kusiyana ndi ola limodzi lokusiyani ndi matuza. Yang'ananinso ngati nsambo zili kutali kwambiri ndi khosi la gitala. Zikatalikira, ngakhale wodziwa zala zimamupweteka, ndipo mmisiri wa zoimbira akhoza kuzitsitsa.

Mlamu akasokoneza, ikani pulogalamu yochunira pa foni, zaulere zilipo. Kuchokera ku nsambo yaikulu: E, A, D, G, B, E. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Mphindi 10 zanuzo muzichita chonchi. Tengani makodi (kaikidwe ka zala pa nsambo zingapo zolira pamodzi) awiri okha, tinene G ndi Em. Tcherani mphindi imodzi pa foni, muzisintha kuchoka pa ina kupita pa inzake, n'kuwerenga kuti mwasintha kangati. Lembani nambalayo. Lero mupeza 9, sabata yamawa 20, ndipo nambala yokwerayo ndi imene imakubwezani pampando. Kenako onjezani C ndi D. Ndi makodi anayi amenewa mumaimba nyimbo zambirimbiri. Chala chikanikize pafupi ndi kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala (fret), osati pakati pa tizitsulo tiwiri, mudzaona kuti simufunika mphamvu zambiri.

Make Mapasa:
Akaisiya poyera ndiye mlamu apeza mpata! Inu simuwadziwa anthu amenewa.

Nsambo Zisanu n'Imodzi:
Mayi, ndiye akhale naye pansi mlamuyo amuuze kuti agule nsambo anadulayo. Koma gitala yobisika ndi chimodzimodzi kusakhala nayo.

Bondo Lakumanja:
Ine mawu a "usamvere chifundo thupi" ndi amene anandipundula. Ndinayamba kuthamanga tsiku lililonse pa msewu wolimba, nsapato zakutha kuchidendene, bondo likupweteka ine n'kumati ndi ulesi ukutuluka. Linatupa ngati mpira, miyezi inayi ndikutsimphina, ndipo amene ankandilimbikitsa aja palibe anabwera kudzandiona. Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri kumatha kokha. Koma ululu wobaya m'bondo kapena m'kakolo, umene ukukula mukamathamanga, imani mukaonane ndi achipatala. Nditachira ndinatsatira ndondomeko ya oyamba kumene kuthamanga yotchedwa Couch to 5K: sabata zisanu ndi zinayi, katatu pa sabata, ndipo sabata yoyamba umathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90, mobwerezabwereza. Ndinkachita manyazi poyamba. Pano makilomita asanu ndimamaliza bwinobwino.

Mkango wa 4 Koloko:
Masekondi 60? Kumeneko ndi kuthamangira chitseko chisanatsekedwe, si masewera. Pepani ndi bondolo, koma vuto linali nsapato.

Bondo Lakumanja:
Bambo inu, simunandione, simunalione bondo langa. Lekani kuweruza matupi a anzanu.

Agogo a Ndakatulo:
Nonse mwaiwala kuti mwanayu watchulanso kulemba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zitatu nthawi imodzi n'zambiri, mdzukulu wanga. Ndipo ndakatulo yathunthu tsiku lililonse ndi katundu amene ngakhale ife talemba zaka zambiri sitingasenze. Ine ndili ndi kakope kakang'ono m'thumba. Lamulo langa ndi mizere iwiri, ya chilichonse chimene maso aona: mthunzi wa waya woyanikira zovala pakhoma, mwana akulimbana ndi chingwe cha nsapato. Sindifufuta kanthu tsiku lomwelo. Lamlungu ndimawerenga za sabata yonse, ndipo nthawi zambiri mzere umodzi umandiitana. Umenewo ndiwo umadzakhala ndakatulo. Masiku ena mizere iwiri ija imasanduka tsamba lonse, chifukwa chovuta ndi kutsegula kope.

Namwino Wanu:
Ndifunsenso kachiwiri, popeza funso langa lamira. Achimwene, mumagona maola angati, ndipo ntchito mumalowa nthawi yanji?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse, ena mwandilimbitsa mtima kwambiri. A Namwino pepani, sindinaone. Ndimagwira ntchito ya usiku, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, masiku anayi pa sabata. Ndikafika kunyumba m'pamene ndinkathamanga, kenako gitala, n'kugona cha m'ma 10 koloko mpaka ana atabwera kusukulu. Mwina maola anayi. Za loko ndaganizira, koma ndikuopa kuti zikulitsa nkhani ndi akazi anga.

Namwino Wanu:
Ayi ndithu, bwenzi mutayambira pamenepa! Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo, inu mukugona anayi mutagwira ntchito maola 12, kenako mukudzitcha waulesi? Thupi linangokana, ndipo linachita bwino. Inenso mashifiti a usiku ndimawadziwa. Mukaweruka, kagoneni kaye, chipinda chikhale cha mdima, foni kutali. Zolimbitsa thupi zazikulu muziike pa masiku atatu opuma aja. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, ndi zolimbitsa minofu masiku awiri. Amanenanso kuti ngakhale zochepa zimaposa kusachita kalikonse. Mphindi 50 pa tsiku lililonse lopuma mwakwanitsa kale 150, kapena muzigawe mmene mungathere. Masiku a ntchito musiyire gitala yokha, ndipo muimangirire ku chinthu chimene mumachita kale: mukadzuka n'kusamba, musanavale yunifolomu, mphindi 10 pampando. Musamati "ndiimba lero", muziti "ndikangosamba ndiimba".

Mkango wa 4 Koloko:
Chabwino, za usikuzo sananene. Koma masiku atatu opumawo akhoza kudzuka 4 koloko.

Namwino Wanu:
A Mkango, munthu wosinthasintha usiku ndi usana mukufuna mumudulirenso tulo pa masiku okhawo amene angabweze? Musiyeni agone.

Mkango wa 4 Koloko:
Ine ndanena zanga. Tidzaonana pakatha mwezi.

Make Mapasa:
Ndiye masana mukamagona mlamuyo amakhala ali kuti? Si ameneyo akuliza gitala inu mukufuna tulo?

Membala wobisa dzina:
Mayi, ndi momwemo ndithu, koma imeneyo ndi nkhani ina yaitali. Ndaitsitsa gitala ija tsopano lino, ili ndi fumbi lokhalokha ndipo nsambo yodukayo ndi yaying'ono ya pansi. A Nsambo, ndingayambe G ndi Em ndi zisanu zotsalazi kapena ndidikire kaye ndigule ina?

Nsambo Zisanu n'Imodzi:
Yambani lero lomwe. Pa Em nsambo imeneyo simuikanikiza n'komwe, pa G chala chimodzi chizingokhala pamalo ake opanda kanthu mpaka mutagula. Mundiuze nambala yanu yoyamba.