Kasitomala wakana dayalisisi, akufuna pepala la loya

Wa pa Boma: Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi kasitomala, bambo achikulire a ku Makanjira, impso zonse ziwiri zinasiya. Akhala akupita ku Blantyre ku dayalisisi, makina otsuka magazi, pano anenetsa kuti basi, pa makina sabwereranso, akatsirizira kwawo. Nzeru zili bwinobwino, ndalama za usipa akuwerengabe okha osaphonya. Akufuna ndiwalembere chikalata choti akadzakomoka asadzawanyamulenso. Mwana wawo wamkulu ali ku Johannesburg, ndiye amatumiza ya thiransipoti, akuti amene asaine pepalalo wapha bambo ake ndipo akanena ku bungwe la maloya la Malawi Law Society. Ndinapita nawo kwa loya wa ofesi yoyandikana kuti adinde ngati commissioner for oaths, wolumbiritsa anthu pa zikalata, iye wakana, ati chikumbumtima, kenako n'kuyamba kuwapempherera pomwepo. Bambowo ndi Asilamu, anangovala chisoti chawo n'kutuluka. Ndani analembapo zotere? Affidavit, chikalata cholumbira, kapena kalata wamba? Gawo 228 la Penal Code, lokhudza kuthandiza munthu kudzipha, lindigwira?

Mkulu wa Mpingo: Achimwene musalembe. Moyo mwini wake ndi Mulungu. Gawo 16 la Constitution likuti aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, silinati ufulu wofa. Gawo 228 la Penal Code, wothandiza munthu kudzipha, ndi moyo wonse kundende. Mnzanu wakanayo wachita bwino.

Counsel wa ku Zomba: A Mkulu, tisasakanize zinthu ziwiri. Kupatsa munthu chomupha ndi mlandu, palibe akutsutsa. Koma munthu wamkulu wanzeru zake kukana mankhwala si kudzipha. Akamwalira, chowapha ndi impso. Dokotala sangamangirire munthu pa makina mokakamiza, kumeneko ndi kumugwira thupi popanda chilolezo chake. Onani Airedale NHS Trust v Bland ya 1993, House of Lords, khoti lalikulu la ku England panthawiyo, inasiyanitsa bwino kusiya chithandizo ndi kupha. Sitimangidwa nayo, koma makhoti athu amamvera milandu ya ku England pamene kwathu kulibe chigamulo. Gawo 19 la ulemu wa umunthu lilinso mu Constitution yomweyo, musamangowerenga 16 yokha.

Vuto ndi loti tilibe lamulo la living will, chikalata chonenera chithandizo chomwe munthu akufuna kapena kukana akadzalephera kuyankhula. Pepalalo lingokhala umboni wa zomwe ankafuna, silimanga dokotala. Wa pa Boma, muwauze zimenezi poyera, asaganize kuti agula chishango.

Nachisale, paralegal: Ine mantha anga si khoti, ndi kumudzi. Ndinaonapo mayi wina anakana kubwerera ku chipatala ndi khansa ya khomo la chiberekero, mwana wake wamkazi ndiye ankamusamala. Tsiku la maliro achibale a kuchimuna anaimirira pa manda n'kuti mtsikanayo wadya amake kuti atenge nyumba. Anathawa usiku ndi chikwama chimodzi. Ndiye pepala lanulo lisatchule mwana aliyense ngati wovomereza, mumuika pamoto. Komanso pakhale mwinimbumba ndi mfumu akumva okha bambowo akuyankhula.

Mkulu wa Mpingo: Mwamva? Zotsatira zake ndi zimenezo. Ndikubwereza, 228. Lero mukuti kukana makina, mawa mudzati jakisoni wopha wodwala. Ku Netherlands ndi ku Belgium anavomereza mu 2002, ku Canada 2016. Tikufuna zifike ku Mangochi?

Counsel wa ku Zomba: Palibe wapempha jakisoni pano bambo. Ngakhale ku South Africa, Robin Stransham-Ford, loya mnzathu wodwala khansa, anapambana ku High Court ya Pretoria mu 2015 pa mlandu wopempha kuti dokotala amuthandize kufa, koma anamwalira tsiku lomwelo chigamulo chisanaperekedwe, ndipo Supreme Court of Appeal inachigwetsa mu 2016. Nkhani imeneyo ndi ina. Yathu ndi ya munthu wotopa ndi ulendo wa Makanjira mpaka Blantyre, amene mukuudziwa mmene ulili nthawi ya mvula.

Che Mdala: Ine ndine Msilamu, ndiyankhulepo. Chipembedzo chathu chimaletsa kudzipha ndi kupha wodwala, apo palibe kukambirana. Koma mashehe ophunzira ambiri amasiyanitsa zimenezo ndi kusiya mankhwala amene sakuchiza. Bambowo akacheze ndi shehe wawo paokha, inu osalowererapo. Ndipo mu chikalata musaikemo vesi, kaya ya Quran kaya ya Baibulo. Mukangoikamo, mwana wa ku Joni uja adzati anawanyengerera ndi zachipembedzo.

Za mnzanu wopemphera uja ndakhumudwa nazo. Kukana kudinda ndi ufulu wake, gawo 33 limamuteteza. Akanangoti pepani pitani kwa wina. Koma kusanjika manja munthu amene wabwera kudzalumbira, osapempha n'komwe, kumeneko ndi kugwiritsa ntchito mpando molakwika. Munthu akakhala pa desiki ya loya amaopa kukana.

Mkulu wa Mpingo: Ndiye tizisiya chikhulupiriro pa khomo ngati nsapato? Ine ndimapemphera ndi makasitomala anga ndipo palibe anadandaulapo.

Nachisale, paralegal: Sadandaula chifukwa failo yawo ili m'manja mwanu a Mkulu.

Wa ku Monkey Bay: Hahaha Nachisale. Koma Wa pa Boma samalani ndi chinthu chimodzi: impso zikalephera, poizoni wa m'magazi amasokoneza mutu. Lero akuwerenga ndalama, sabata yamawa mwina sadziwa mwana wawo. Pezani dokotala awaone tsiku lomwelo losaina, alembe kuti akumvetsa zomwe akukana ndiponso kuti auzidwa kuti akasiya dayalisisi masiku awo achepa. Popanda kalata imeneyo musagwire cholembera. Muwafunsenso muli awiriwiri, ana atatuluka, chifukwa chenicheni. Ndinali ndi wina ankati watopa ndi mankhwala, nditafunsitsa ndinapeza kuti akumva chisoni ndi bwato lomwe banja linagulitsa kuti amutumize ku chipatala. Ndalama zitapezeka anabwerera yekha. Wokana chifukwa cha umphawi ndi wokana chifukwa chotopa si amodzi.

China, muwerengereni m'Chiyao. Wotanthauzira asakhale wachibale, ndipo asaine kuti watanthauzira.

Che Mdala: Zoona. Ndipo osaphatikiza ndi wilo tsiku limodzi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna mboni ziwiri, zimenezo muchite padera, tsiku lina, mboni zina. Ndinaona banja likukokana ku High Court chifukwa mkulu wina analemba wilo ali pa bedi la chipatala, amene sanapatsidwe maukonde ankati anasainitsidwa atakomoka. Mlandu unatha maukondewo ataola.

Mkulu wa Mpingo: Zonsezo mukunena ndi njira zozembera 228 basi. Ine dzanja langa silingasaine.

Counsel wa ku Zomba: Palibe wakupemphani kusaina a Mkulu. Wa pa Boma, mawu oti “ndikufuna kufa” asapezeke paliponse. Alembe zomwe akukana, ndi zomwe akuvomera: mankhwala opha ululu, chisamaliro cha kunyumba, ndiponso kuti atha kusintha maganizo nthawi ina iliyonse ngakhale pakamwa pokha. Afunse za palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachizika, asanachoke ku Queens, kuli kiliniki ya Tiyanjane, awalembere kalata yopita nayo ku chipatala cha kufupi ndi kwawo. Mwana wa ku Joni muimbireni pa WhatsApp bambo ake ali pomwepo, amve yekha, koma pokhapokha bambowo atalola. Lembani zonse mu failo, tsiku ndi nthawi.

Nachisale, paralegal: Nanga amayi a kunyumba akuti chiyani? Simunawatchule. Kapena alipo awiri?

Wa ku Monkey Bay: Akakhala awiri ndiye nkhani ina yayamba.