Kodi mphumu ndi ziwengo zingachititse kuti munthu asapezenso mphamvu atachira?

Mayi wa ku Ngabu:
Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 24 amene wakhala ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, ndipo fumbi la mu Okutobala likayamba amayetsemula, maso amayabwa, pakhungu pamatuluka ziwengo. Chaka chatha anadwala chimfine chotentha thupi kwambiri, ndipo ngakhale anachira patatha sabata ziwiri, mphamvu zake sizinabwerere mpaka lero, miyezi isanu ndi itatu tsopano. Kale ankatunga zigubu zinayi pamjigo dzuwa lisanakwere, koma lero akangochapa zovala zochepa, mawa lake ndi mkuja amakhala gone pamphasa, mutu uli waa. Anamuyeza malungo kawiri koma sanapezeke. Apongozi anga akuti ndi ulesi. Kodi mphumu ndi ziwengo zakezi ndi zimene zamufikitsa apa?

Namwino wopuma ntchito, Nchalo:
Pepani amayi. Musanaganize za matenda osowa, kumbukirani kumene tikukhala. Kuno kuchigwa anthu ambiri ofooka amakhala kuti magazi awo ndi ochepa chifukwa cha malungo obwerezabwereza, likodzo lochokera m'madambo ndi m'ngalande zothirira, njoka za m'mimba, kapenanso kutaya magazi ambiri posamba. Pemphani kuti amuyeze kuchuluka kwa magazi, mkodzo, shuga, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo ngati kungatheke ayezenso chithokomiro. Mphumu yosasamalidwa bwino nayo imatopetsa, pakuti munthu wotsokomola usiku wonse sagona, komanso mapiritsi ena a ziwengo monga piritoni amagonetsa masana.

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Ndikugwirizana ndi anamwino kuti kuyeza kukhale koyamba, koma mawu amodzi a amayiwa andigwira mtima, akuti mwana amagwa mawa lake, osati nthawi imene akuchapayo. Chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu cha matenda a kutopa kosatha amene madokotala amawatchula kuti ME/CFS, omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira 1969. Wochepa magazi amapuma wefuwefu pomwepo n'kupezako bwino akakhala pansi, pamene wodwala ME/CFS amadzazunzika patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo tulo sitimutsitsimutsa. Nthawi zambiri matendawa amayamba munthu atadwala matenda ena opatsirana, ndipo amagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Kafukufuku wa ku Dubbo, m'dziko la Australia, amene anatuluka mu 2006, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse amene anadwala matenda monga a kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kamayambitsa kutentha thupi ndi zilonda za pakhosi, anali asanapezebe mphamvu patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Tsono pa funso lanu, amayi, kulumikizana kulipo ndithu. Ku Taiwan, ofufuza atasanthula mabuku a odwala ambirimbiri anaona kuti anthu a mphumu ndi ziwengo amapezeka ndi kutopa kosatha kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo ku Britain mphumu inaonekanso pakati pa zinthu zowonjezera chiopsezo chodwala nthawi yaitali munthu atachira Covid-19. Akatswiri ena amaganiza kuti chitetezo cha m'thupi chimene chimapsa mtima ndi fumbi kapena mungu chimachedwanso kuzizira kachilombo kakapita. Komabe kuwonjezera chiopsezo si kuyambitsa matenda, pakuti amphumu ambiri amadwala chimfine n'kuchira bwinobwino, choncho musadziimbe mlandu kuti munalephera kumusamala ali mwana.

Mlimi wa ku Makhanga:
Aphunzitsi, ine ndikukayikira pang'ono. Mchimwene wanga anafooka chimodzimodzi madzi a namondwe Freddy atatisamutsa mu 2023, koma alibe mphumu, ndipo anayamba kupezako bwino atangoyambiranso kulima kudimba. Kodi mtsikanayu sakufunika kungolimbitsa thupi?

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Achimwene, wofooka chifukwa cha njala, chisoni ndi nkhawa ntchito ingamudzutsedi, ndipo mwina m'bale wanu anali wotero. Koma kwa wodwala ME/CFS kukakamiza thupi kumawonjezera matenda, ndipo n'chifukwa chake mu 2021 bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, linasiya kulimbikitsa zoti odwalawa aziwonjezera masewera olimbitsa thupi mwandondomeko yokhazikika. Amalangizidwa kugawa ntchito m'zidutswa n'kuleka asanatope, ndipo m'kutentha kwa kuno azimwa madzi okwanira, chifukwa ambiri a iwo amachita chizungulire akaimirira nthawi yaitali.

Mayi wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Chizungulirecho chimamuchitikiradi akaima pamzere kuchigayo. Lolemba ndipita naye kukayezetsa magazi ndi mkodzo, ndipo kuyambira lero ndizilemba m'kope ntchito imene wagwira ndi mmene wadzukira mawa lake, kuti adokotala akaone okha.